Pathanthwe ndi Apongozi Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno kumtunda ndi inu a kuchigwa amene mawu awa akufikeni, landirani moni. Ine ndine Filimoni wa kwa Ndau, mkamwini wa aNangozo. Akulu a mpingo andikakamiza kulemba za tsiku limene madzi anatitsekera m'phompho ine ndi apongozi anga, chifukwa nkhaniyi yazungulira midzi ndipo aliyense akuithira mchere wake. Ena akuti tinaona Napolo ndi maso athu. Ena akuti kunatsika mngelo wovala zoyera. Ine ndinalipo, ndipo ndatopa nako kuwongola mabodza pamsika ndi pabwalo la tchalitchi. Ndilemba kamodzi kokha, wofuna kumva amve.

Ndineneretu kuti sindine munthu wa mawu okoma. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, osati chifukwa mutu unali wouma, koma amalume anati ng'ombe sizidya Chingerezi, n'kundichotsa kuti ndizikaweta. Anzanga amene ndinkawaposa masamu lero ndi makalaliki ku Boma, amavala nsapato ndipo amayenda panjinga. Ine ndimalima mbatata ya kachewere m'munda wa eni, m'mudzi wa eni, moti ngakhale mbuzi za pamudzipo zimadziwa kuti ndine wobwera. Kutchalitchi ndinkapita ndithu, koma ndinkakhala kumbuyo, mtima uli ngati chikuni chonyowa: utsi wokhawokha, moto ayi.

Mwambo wa mkamwini ndi apongozi aakazi mukuudziwa nonse. Simuyang'anana kumaso, simudyera pamodzi, simukhudzana, ndipo mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mabanja ambiri masiku ano aufewetsako. Koma osati aNangozo. Chikwatirireni mwana wawo Eneresi, nkhope yawo ndinali ndisanaionepo bwino. Chimene ndinkadziwa ndi msana wawo ndi zidendene. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Eneresi, ine ndili pomwepo ngati chitsa. Eneresi akachokapo ankauza mtondo, kapena galu. Mwambo womwewo uli ndi khomo lake lotulukira: apongozi akafuna kuti mumasukirane, amakupatsa nkhuku pamaso pa mboni, basi, mumayamba kulankhulana ngati mayi ndi mwana. Eneresi anawapempha kangapo konse. Iwo ankangoti nthawi yake sinakwane.

Dzinja lapitali kunabwera uthenga woti mlongo wawo wamwalira kumudzi wina pafupi ndi Sharpevale. Anthu a pamudzi ananyamuka m'mamawa kudzera njira yaitali yozungulira phiri. ANangozo anatsalira, ati sangapite pamaliro a mlongo wawo chimanjamanja, ayambe asinja ufa. Pomaliza kusinjako dzuwa linali litakwera kale, ndipo njira yoti n'kukawafikitsa maliro asanaikidwe inali imodzi yokha, yachidule ija yotsika ndi mtsinje m'phompho. Mayi wamkulu sangaiyende yekha. Amuna awo anapita ku Halale kalekale ndipo anatchona. Eneresi anali ndi pakati potopa. Ndiye mukuganiza kuti chala chinaloza yani?

Tinanyamuka, ine patsogolo ndi thumba la ufa pamutu, iwo kumbuyo ndi nkhuku yachipepeso m'khwapa, yomanga miyendo. Pakati pathu panali mtunda woti mwala woponya sungafike. Ine ndikaima, iwo kuima. Ndikatembenuka kuti ndione ngati akubwera, iwo kutembenuka, kundilozetsa msana. Abale, yendani ulendo wotere tsiku limodzi muone ngati simukalamba.

Amene simunatsikepo m'phomphomo, dziwani kuti mbali zonse ziwiri ndi makoma a miyala, ndipo thambo limangooneka ngati kansalu kong'ambika pamwamba. Njira imakanirira khoma, kenako imatsikira pamalo amodzi owolokera, pomwe pali thanthwe lalikulu pakati pa mtsinje, madzi n'kumadutsa uku ndi uku. Tsikulo m'phomphomo munali dzuwa loswa mtengo. Koma ndikayang'ana kumbuyo, kumapiri kwathu kumene mtsinjewo umachokera, kunali bii, ndipo mabingu ankang'ung'udza. Ndaweta ng'ombe m'mapiri amenewo, ndikudziwa kuti mvula ya kumtunda imapha munthu wa kunsi amene sanadonthedwe ndi dontho limodzi. Ndinaima pamtengo wina wa msuku n'kufuula kuti, "Mtengo iwe, uwauze kuti afulumire, kumtunda kwada!" Taonani pamene mwambo unandifikitsa, munthu wodziwa kuwerenga, kutuma mtengo. Iwo sanasinthe mayendedwe ngakhale pang'ono.

Ndinafika powolokera madzi ali m'mawondo, oyera bwino. Ndinawoloka, n'kutula thumba patsidya. Ndipamene ndinamva kamphepo kozizira kununkha dothi, ndipo poyang'ana pansi ndinaona madzi ayamba kufiira, masamba ndi tizitsotso tikuyandama. Kenako mkokomo. Amene munaimapo pasiteshoni sitima ikubwera mukudziwa momwe nthaka imanjenjemerera isanatulukire. Zinali choncho, koma sitima yake inali ikutsika mumtsinje.

Ndinatembenuka. ANangozo anali atangolowa m'madzi, akusankha popondera pang'onopang'ono. Ndinafuula, ndinakupiza manja, ndinaloza kumtunda. Mukudziwa chimene anachita? Ataona kuti mkamwini wawayang'ana, anatembenuka, n'kunjuta m'madzi momwemo, n'kudzifunditsa nsalu kumutu. Imfa ikubwera kumtunda ndi mitengo kukamwa, iwo akundipatsa ulemu!

Ndinalumphira m'madzi kuwathamangira. Atamva kuti ndikuyandikira anadzambatuka kundithawa, ndipo pothawapo anakwera thanthwe lija ngati mbuzi, nkhuku ili m'khwapa. Ndivomere kuti kundithawa kumeneko ndiko kunawapulumutsa poyamba. Ine ndinakwera pambuyo pawo, ndipo phazi langa lisanachoke bwino pansi, madzi anafika. Sanabwere ngati madzi ayi. Linali khoma lamatope, lalitali kuposa munthu, ndipo linamenya thanthwelo mpaka mano anga anagundana.

Tinakhala pamenepo, iwo kuyang'ana kumtunda, ine kunsi, pamalo osaposa pansi pa nkhokwe. Mitengo yathunthu inkadutsa mizu ili m'mwamba. Panadutsa mapesi a chimanga cha eni, denga la khola, ndi mbuzi itatupa kale ndi madzi. Pansi pa madzi miyala ikuluikulu inkagubuduzika, kumagundana ngati akusinja. Thumba la ufa lija ndinaliona likunyamuka patsidya, ulendo wa kunyanja. Kenako mvula ija inatipeza, yozizira ngati ya mwezi wa chisanu. Madzi ankakwerabe. Mng'alu umene ndinauona pathanthwe pafupi ndi phazi langa unamira ndikuyang'ana.

Malo atachepa, misana yathu inatsala pang'ono kugundana. Ine ndikasendera kuti ndisagwe, iwo ankasendera kutali nane, kumphepete kwenikweni kumene madzi ankanyambita. Pamenepo ulemu unandithera.

"Amayi," ndinatero, koyamba m'moyo wanga kuwalankhula mwachindunji, "gwirani dzanja langali, mugwa."

Ndinangomva akulankhula ndi nkhuku. "Nkhuku iwe, uwauze aNdau kuti ine sindinaleredwe kutchire."

"Nkhukuyo ifa nafe limodzi, amayi!"

"Uwauze kuti kufa n'kwa aliyense, koma manyazi amatsala m'mudzi."

"Chabwino, ndipatseni nkhukuyo tithane nazo. Si mwambo wake umenewo?"

"Uwauze kuti nkhuku yoperekedwa popanda mboni ndi ndiwo chabe."

Abale, ndinafuna kulira, ndinafuna kuseka, ndinafuna kuluma thanthwe. Kumbali imene tinkapita mpata wa madzi unali wocheperako, ndipo patsidyapo panali mkuyu umene nthambi yake inawerama. Ndili ndekha ndikanayesa kulumpha, mwina ndikanaigwira. Koma ndikanakafika bwanji kwa Eneresi? Ndikanati chiyani, kuti amako ndawasiya pamwala chifukwa amakana dzanja? Ndipo ndikakhala, ndiye kuti mkazi wanga ataya mayi ndi mwamuna tsiku limodzi, mwana n'kubadwira m'nyumba ya maliro. Uku imfa, uku manyazi oposa imfa. Manja anga anali atachita dzanzi, ndipo ndinkamva aNangozo akunjenjemera kumbuyo kwanga, mano akulira gwedegwede.

Ndipamene ndinapemphera. Musaganize kuti linali pemphero la m'buku, loyamba ndi mawu aulemu. Sindinatseke maso, sindinagwade, pogwada pake panalibe. Ndinakuwa ngati ndikukalipira munthu. Ndinati, "Mulungu, mwandiona? Sukulu munandilanda ndinakhala chete. Mudzi wa eni ndinakhala chete. Lero mukufuna ndifere pamwala chifukwa cha nkhuku? Mayi awa sindinawalenge ine, munawalenga ndinu, ndipo mutu wawo mukuudziwa. Akufuna mboni. Tumizani munthu! Aliyense, ngakhale chidakwa, bola akhale ndi maso!"

Ndinanena zimenezo ndikudziwa kuti nthawi ya dzinja, tsiku la mvula, palibe wamisala amene angakwere njira imeneyo. Madzi anafika pa zala za kumapazi kwanga. Palibe chinachitika. Ndinati basi, ngakhale Iye wandilozetsa msana.

Kenako pakati pa mvulayo, patsidya pafupi ndi mkuyu uja, ndinaona chinthu choyera chikuyenda. Anali munthu wovala mkanjo woyera ndi kachipewa, mtolo waukulu pamutu. Ameneyo ndiye mngelo wanu uja. Dzina lake ndi Che Bwanali, Myao wachisilamu amene ali ndi kasitolo kufupi ndi siteshoni, ndipo amakwera kumtunda kuno kugulitsa nsalu, mchere ndi singano. Ambiri a inu munagulapo kwa iye ndipo munakanganapo naye mtengo. Anandiuza pambuyo pake kuti tsikulo sanafune kuyenda, koma mkazi wake anamusowetsa mtendere kuti katundu wakhalitsa m'nyumba.

Sanataye nthawi ndi mafunso. Anatula mtolo, n'kusolola mpukutu wathunthu wa nsalu yoyera ya melekani, yatsopano, yosadulako. Mbali imodzi anaimanga kumkuyu, yonseyo n'kuipotokola ngati chingwe, kumapeto kwake n'kumangako mwala. Ataponya koyamba madzi anaulanda. Anakoka, n'kuponyanso ndi mphamvu zake zonse. Ulendo uno mwalawo unafika, ndipo unafikira pakamwa panga. Amene mumandifunsa za dzino langa lakutsogolo, mngelo wanuyo ndiye analichotsa.

Ndinagwira nsaluyo, magazi ali chuchuchu pachibwano. Koma nsalu yokha sikanathandiza. Mayi wamkulu wozizidwa sangagwire chingwe m'madzi otero. Ankayenera kumangidwa kumsana kwanga. Ndinakuwa kuti, "Amayi, mboni ija siyo!"

ANangozo anaimirira pang'onopang'ono. Ananyamula nkhuku ija m'mwamba ndi manja awiri kulozetsa kwa Che Bwanali. Iye, poganiza kuti akumulonjeza malipiro, anayamba kukupiza manja uku akukuwa, "Iyayi mama! Nkhuku ayi! Bwerani basi!" Iwo anaigwirabe m'mwamba mpaka anatsimikiza kuti munthuyo akuonadi. Kenako anatembenuka.

Aka kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga. Ndinkaganiza kuti ndidzaona nkhope yolimba ngati mawu awo. Ayi. Inali nkhope yaing'ono, ya mphini ziwiri m'masaya, maso ake enieni a Eneresi, ndipo inali ndi mantha kuposa ine. Milomo inali itatuwa ndi kuzizira. Anandipatira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Landirani, mwana wanga. Ine ndine mayi wanu."

Ndinailandira. Mwina ndikanalira, koma iwo sanandipatse mpata. "Nanga mukuyang'ana chiyani? Ndimangeni, madziwa simukuwaona?"

Nkhuku ndinaiponya m'malaya. Iwo ndinawabereka ngati khanda, n'kuwamanga ndi nsalu yawo yomwe, kenako melekani uja ndinamuzunguliza pachifuwa panga n'kumanga mfundo ndi mano otsalawo. Madzi anali atafika m'akakolo ndipo ankandikankha. Ndinati, "Yesu," iwo kumsana anati, "Yesu," ndipo ndinadziponya.

Za m'madzimo sindingafotokoze zambiri. Munali mdima, mchenga m'kamwa, ndi chinthu china cholimba chimene chinandimenya m'nthiti mpaka mpweya unathawa. Nsalu inakoka pachifuwa ngati indidula pakati. Madzi anatikokera kunsi, koma popeza nsaluyo inali yomangidwa kumkuyu, anatikhotetsera kugombe. Nditatulutsa mutu ndinamva melekani akulira, ulusi ukuduka umodziumodzi, ndipo ndinaona Che Bwanali atapondetsa mapazi pamuzu, atagona chagada, akukoka uku akuitana Mulungu m'chinenero chake. Dzanja langa linakhudza muzu. Iye anasiya nsalu, n'kundigwira kolala, n'kutikwekweza tonse awiri pamatope ngati matumba.

Titakhala tsonga tinayang'ana kumtsinje. Thanthwe lija kunalibe. Pamalo pake pankangotumphuka madzi ofiira.

Zikhato za Che Bwanali zinali zitasupuka, nsalu yake itasanduka chisanza chamatope chong'ambika. Sanatchulepo kanthu za iyo. Anatsegula mtolo wake, n'kutulutsa nsalu ina youma, n'kufunditsa aNangozo. Nditapisa m'malaya ndinapeza nkhuku ija yafa, ndiyo inalandira theka la chimene chinandimenya m'nthiti chija. Ndinaionetsa kwa apongozi. Iwo anati, "Zilibe kanthu. Munailandira ili moyo, ndipo bamboyu anaona."

Njira yokwera inali itatsekeka, choncho Che Bwanali anabwerera nafe kuchigwa, ine nditamusenzera mtolo ngakhale nthiti zinkabaya. Tinafika pamaliro anthu akuchokera kumanda. Tangoganizani: mayi wofedwa akulowa m'mudzi wopanda ufa, wopanda nkhuku, atafunda nsalu yasitolo, dzanja lili paphewa la mkamwini wake, kumbuyo kukubwera Msilamu wamatope thupi lonse. Amayi amene ankalira analeka kulira. Wina anagwira pakamwa. ANangozo anaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza kuti, "Mukudabwa chiyani? Uyu ndi mwana wanga, mboni yake ndi iyi. Ndisonyezeni pamene mwagoneka mlongo wanga." Atatero ndiye anayamba kulira, ndipo analira atandigwirabe.

Tsono ndimve ndani akunenanso za Napolo. Inali mvula ya kumapiri, yomwe ija imagwa chaka ndi chaka, ndipo inu otsika m'phomphomo muziyang'ana kumtunda, osati pamutu panu. Enanso mwandinong'oneza kuti polemba ndisatchule kuti wotithandizayo anali Msilamu, ati sizimveka bwino mu umboni wa Mkhristu. Pepani, ine sindinasankhe. Ndinapempha munthu wa maso, Mulungu anatumiza wa maso, wa nsalu, ndi wa manja olimba. Ngati muli ndi mlandu ndi zimenezo, kafunseni Mwini wake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu la munthu wokwiya. Sanadikire kuti ndiyambe ndakonza mawu. Ndikuthokoza Che Bwanali, amene mpaka lero akandiona amaloza pakamwa panga n'kuseka. Nthiti zinapola, ngakhale kukazizira zimandikumbutsa. Eneresi anachira bwino, kunabadwa mwana wamkazi, ndipo anamusambitsa ndi agogo ake enieni.

Kwa inu amene madzi akukukwererani, kaya ndi matenda, kaya ndi njala, kaya ndi munthu wouma mutu amene Mulungu anakumangirirani naye, sindikuuzani kuti musakwiye, chifukwa ine ndinakwiya. Ndikuti musalumphe nokha, ndipo musaleke kuitana. Itanani ngakhale mokalipa. Yankho lingachedwe mpaka madzi afike m'akakolo, lingabwere ndi munthu amene simumamuyembekeza, lingakuchotseni dzino. Koma limabwera.

Ndipo samalani chimene mukupempha. Chichokereni pathanthwe paja aNangozo sanatsekepo pakamwa. Mizere yanga ya kachewere ndi yokhota. Denga ndinafolera molakwika. Mwana ndimamunyamula ngati dzungu. Potsogolera pemphero la chakudya ndimathamanga ngati akundipirikitsa. Zonse zimene ankauza mtondo ndi galu, tsopano amandiuza ine, m'maso muli gwa, kuyambira tambala woyamba. M'mawa uliwonse ndikamva mawu awo pakhomo akuitana kuti, "Mwana wanga, mukadali m'tulo dzuwa lonseli?" ndimaluma mano otsalawa, n'kupuma kaye, kenako ndimati: Zikomo Ambuye, ali moyo.

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu nonse. Amen.